Mbava ya M'bafa

A Sandipepa anali atazungulira shelefu ya mafuta odzola kanayi, akunamizira kufuna mankhwala a makoswe.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kugalaja, chifukwa cha nkhope yawo yokhakhala ngati pepala lokwechera matabwa. Zaka makumi awiri akukonza mainjini, nkhopeyo inkangodziwa sopo wochapira ovolosi ndi thaulo louma gwaa. Eniake ankanyadira. "Mwamuna amasamba, sadzinyambita ngati mphaka," ankatero. Tsiku lina mkamwini wawo anabwera kudzacheza ndi kachikwama ka zodzoladzola. Anamuseka mpaka mwana wa eniake anasiya chakudya m'mbale. Nkhaniyo anaifotokoza kugalaja sabata yathunthu, uku akuonetsa ndi zala zagirizi momwe mkamwiniyo amasisitira masaya.

Tsono lero ngwazi yomweyo inali m'sitolo ya zodzoladzola, kabotolo kopanda kanthu kali m'thumba la ovolosi, thukuta lili kamukamu.

Zinayamba miyezi itatu yapitayo. Akazi awo anandandalika timabotolo titatu toyera pawindo la m'bafa, n'kuwaloza chala.

"Bambo a ana, izi ndi zanga. Zachizimayi. Ndikadzangoona kuti mwakhudza, ndidzapita kukalengeza kugalaja kwanu komweko."

"Ine? Kukhudza zimenezo? Ndapenga?"

Anapirira masiku anayi. Tsiku lotsatira anangonunkhiza. Mawa lake anapaka pang'ono pachipumi, pofufuza chabe, monga munthu wa luso la manja. Mwezi usanathe anali katswiri. Ndondomeko yake anaimva akazi awo akufotokozera mng'ono wawo pafoni, mokweza ngati mng'onoyo ndi wogontha: kuyamba ndi kathovu ka m'botolo loyamba, kutsukuluza ndi madzi ofunda, kupukuta mofatsa osati kukwecha, kenako timadontho ta lachiwiri, kumalizira ndi mafuta a lachitatu. M'mawa ndi madzulo, osaphonya.

Ndipo sankaphonyadi. Ankatsegula mpopi mwamphamvu kuti kulira kwa zivindikiro kusamveke. Akamaliza ankabwezera botolo lililonse pamalo pake penipeni, n'kutuluka akukhosomola mwachimuna. Mumtima ankawamvera chisoni akazi awo. Munthu kukhala m'nyumba imodzi ndi mbava yochenjera chotere, osadziwa kanthu!

Nkhope inayamba kumvera. Timing'alu ta m'masaya tinatsekeka. Tiziphuphu ta m'ndevu tinasamuka. Kugalaja anzawo atafunsa chomwe chikuchitika, a Sandipepa anayankha atayang'ana injini. "Ndikumamwa madzi ambiri masiku ano."

Kenako mayi anapita kukacheza kwa mng'ono wawo uja kwa sabata ziwiri, n'kusiya timabotolo tonse pawindo. Kuiwala kwa anthu ena ndi dalitso la ena. Popeza panalibe wowerengera, bambo anasiya zotapa ndi nsonga ya chala. Anayamba kudzola ngati akupaka girizi mu beringi. Anafikitsa mpaka m'khosi ndi kuseri kwa makutu. M'mawa wa lero chala chinalowa m'botolo lachitatu n'kukanda pansi.

Mayi akufika ndi basi ya folo koloko. Akapeza botolo lili mbee, mawa galaja yonse idziwa. Mkamwini nayenso amva. Ameneyo ndiye ankawasowetsa mtendere kwambiri, chifukwa ndi mwana waulemu: sadzaseka, adzangowafunsa ngati akufuna awabwereke kachikwama kaja.

"Bambo, ndikuthandizeni?" anafunsa mtsikana wogulitsa. "Mwazungulira mokwanira. Za makoswe ndakuuzani kale kuti kuno kulibe."

A Sandipepa anasuzumira kukhomo, kenako kuwindo. Mumsewu munalibe wovala ovolosi. Anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pakauntala, dzanja lili pamwamba pake ngati akubisa khadi.

"Andituma madamu," ananong'ona. "Akufuna ofanana ndi awa. Enieni, osati achibale ake."

"Dzina lake ndi chiyani?"

"Botololi lilibe pepala la dzina. Mungonunkhiza, si ntchito yanu?"

Mtsikanayo anatsegula n'kununkhiza. Anayang'ana botolo, anayang'ana ovolosi, kenako anakhazikika pankhope. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmisiri woyendera nyumba yomwe wamanga yekha.

"Koma khungu lanu, bambo, lili bwino."

"Madzi," anayankha msanga. "Ndimamwa ambiri."

"Eya, madzi amenewa ndi amphamvu."

"Mwana iwe, ine ndili ndi galimoto za anthu zikundidikira. Zinthu zimenezi sindizidziwa, sindizifuna, ndipo sindimvetsa chomwe azimayi amavutikira nazo. Ndangotumidwa. Alipo kapena palibe?"

"Alipo, bambo. Musakwiye, mungachite makwinya."

Mtsikanayo anapita kumashelefu. Anadutsa mbali yonse ya azimayi, ya timabokosi tapinki ndi maluwa, osaima. A Sandipepa anaganiza kuti ndiye kuti mafutawo atha. Anayang'ana wotchi. Kwatsala mphindi makumi anayi. Anayamba kukonza bodza lina, loti mphaka anakwera pawindo. Vuto linali loti pakhomo pawo panalibe mphaka, ndipo sankadziwa mphaka wotha kutsegula chivindikiro n'kutsekanso.

Mtsikana uja anabwerera ndi kabokosi kakuda. Pamwamba pake panali chithunzi cha bambo wandevu, atagwira chibwano monyada.

"Ayi, simunandimve," anatero a Sandipepa. "Ndati a madamu. Achizimayi."

Mtsikanayo anatulutsa kabotolo koyera m'bokosimo n'kukaimika pambali pa kawo. Mapasa.

"Ndi achibambo, bambo. Mayi amagula kuno, mapepala amamatulira pakauntala pompano. Amati inu chinthu chokupatsani mumakana, mumafuna choba. Aimba foni m'mawa uno kuti mubwera, ndipo ndikuuzeni kuti muzitapa pang'ono, si girizi."