Nthutumba ya Kochi

Lamulo la masiku ano likuti kochi wochokera kunja sapatsidwa chilolezo cha ntchito pokhapokha azigona m'nyumba ya kochi amene wamulanda malo. N'chifukwa chake Ozivalido wa ku Angola akukhala kwa ine Mangulenje, amene ndinaphunzitsa timu ya m'mudzi muno mpaka kumera imvi.

Madzi otentha amayamba kusamba ndi iye. Mpando wanga wandalema unasanduka wake. Mkazi wanga, amene nthawi yanga sanapondeko kubwalo la mpira, pano akudziwa ofusayidi.

Lamlungu mkazi wangayo anapha tambala, nthutumba n'kuika m'mbale ya mlendo. Ndinamutsatira kukhitchini.

"Amake Tiyese, nthutumba ija yasochera. Mawa ndikadinda chala pamakina a kubwalo kuti sindikumufunanso. Chilolezo chake chithera pomwepo."

"Kadindeni, bambo," anatero akutsuka mpeni. "Timu ibwerera kwa inu. Koma muyambe mwagula malata osungira. Aja masapota anaboola ndi miyala nthawi yanu tinafolera khola."

Ndinabwerera patebulo. Ozivalido anali atadula nthutumba ija pakati, theka n'kundiikira m'mbale. Ndinadya mosayang'ana munthu. Ngakhale kudulako, anadula bwino kuposa ine.