Sopo M'mabuleki a Kingstone

Panali munthu wina ku Mulanje kuno, dzina lake Kingstone. Atapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, anagula kagalimoto kakale.

Tsiku lina galimotoyo inayamba kutsamwa, ikayenda pang'ono n'kuzima. Kingstone anaonera kavidiyo pafoni, anamasula sefa ya petulo, n'kupeza yadzaza zinyalala. Anaitsuka, kubwezeretsa, injini n'kulira bwinobwino. Kuyambira pamenepo munthu uja sankauzidwanso kanthu.

Patapita milungu ingapo, buleki inayamba kufewa. Kuti igwire ankachita kupopa kawiri katatu. Atatsegula boneti anaona kuti mafuta a mabuleki atsala pang'ono kutha. Akudandaula zimenezi pa siteji ya Chitakale, bambo wina wosamudziwa anati, "Musavutike madala. Sungunulani sopo waufa m'madzi, muthiremo. Ife timayenda choncho mpaka kuboda."

Madzulo ake Lyson, makaniki woyandikana naye nyumba, anamupeza akutakasa sopoyo m'kapu.

"Achimwene, mafuta a mabuleki satha okha. Pali paipi ikudontha. Musathire zimenezo, mawa ndidzaione."

"Mawa ndili ndi ulendo. Inu amakaniki chilichonse mumachikulitsa."

Ulendowo unali wokatenga mwana wake Tamanda kuchipatala cha Mulanje Mission, komwe anali atangobereka mwana woyamba. Marjory, mkazi wa Kingstone, anayesa kumuletsa mwamuna wakeyo.

"Bambo a Tamanda, bwanji tingopempha galimoto ina?"

"Mdzukulu wanga akwere ya eni, yanga ili pakhomo? Ayi."

Sopo uja anathiramo ndithu, ndipo popita anayenda bwino. Pobwerera anadutsa msewu wafumbi wa m'minda ya tiyi. Marjory anakhala kutsogolo, Tamanda kumbuyo atafukata khanda. Anafika pamtsetse wautali. Kumunsi kwake kunali kamlatho kopapatiza, ndipo pamlathopo pankadutsa thirakitala yokoka ngolo ya masamba.

Kingstone anaponda buleki. Phazi linangofika pansi. Anapopa, anapopanso, palibe. Anakoka handibuleki, galimoto inangolira kwii koma osaima.

"Adadi, mukuthamangiranji?" anafunsa Tamanda.

Kingstone anangopitiriza kupopa. Marjory anayang'ana phazi la mwamuna wake, n'kuzindikira. Mayiyu anathyola tiyi zaka zambiri, ankadziwa kulimba kwa zitsamba zake.

"Lowetsani m'tiyimo! Khotani, bambo!"

Kingstone anakhotetsa chiwongolero. Galimoto inalumpha kangalande, inathyola mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, pa wachinayi n'kuima.

Kunangoti zii. Khanda silinkamveka.

"Tamanda, mwana!" anakuwa Marjory.

Tamanda anavundukula kansalu. Kamwanako kanatsinzina, kanayetsemula, kenako kanalira mokweza. Marjory anayamba kuseka misozi ikutsika. Amayi othyola tiyi anathamangira pomwepo madengu ali kumsana, ndipo atamva kulirako wina analuluta. Onse anatuluka amoyo, Tamanda yekha ndiye anatupa pang'ono pachipumi.

Lyson ataitanidwa anabwera panjinga yamoto. Anakwawira pansi pa galimoto, anatuluka dzanja lili thovu lokhalokha.

"Paipi yang'ambikiratu," anatero.

Kingstone anali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, osayang'ana munthu kumaso. Tamanda anapita pomwepo n'kugwada.

"Adadi, chitulukireni kuchipatala simunamunyamule."

"Mwana wanga, ndikanakuphani nonse."

"Koma tili moyo. Landirani, mumupatse dzina."

Anamulandira. Bambo wamkulu uja analira pamaso pa anthu onse aja, kenako anati, "Akhale Sungani."

Phunziro: Kukonza chinthu chimodzi sikukusandutsa munthu makaniki. Petulo akavuta galimoto imangoima, koma mabuleki akavuta siima. Mafuta a mabuleki akamachepa pali pomwe akudontha, ndipo sopo, madzi kapena mafuta ophikira sizilowa m'malo mwake. Mverani wodziwa ntchito, osati munthu wongokumana naye pa siteji. Tumizirani uthengawu abale onse amene ali ndi galimoto, makamaka aja okonda kugwira okha sipanala.