Cosmas Anasamuka Yekha pa Njinga

Panali munthu wina ku Katete, dzina lake Cosmas, amene ankapalasa njinga yosanyamula kanthu. Kale pamsewu waukulu wa kumeneko njinga inkadutsa itasenza thumba la chimanga, kapena mayi atakhala cham'mbali, dzanja lili m'chiuno mwa mwamuna wake. Ya Cosmas inalibe ngakhale kaliyala. Inali ya mpikisano wamasiku ano, umene munthu amayamba ndi kusambira, akavuuka n'kukwera njinga, akatsika n'kuthamanga, zonse tsiku limodzi.

Ankagwira ntchito ku ofesi ya zaulimi. M'mamawa ankathamanga, akaweruka ankapalasa, Loweruka ankakasambira ku damu lina cha ku Sinda. Aneba ankangomuona msana.

Kutatsala sabata kuti mpikisano uchitike ku Lusaka, nthawi yosamukira ku ofesi ya ku Vubwi, kumene akuntchito anamutumiza, inakwana. Bwana wake anati, "Lole ndakupatsani Loweruka ndi Lamlungu. Mukayamba ntchito Lolemba m'mawa, tchuthi cha mpikisano mupatsidwa. Mukachedwa, muiwale."

Mkazi wake, Loyce, anali atamuuza kangapo. "Atate a Dinnah, katsazikeni anthu. Yambani kwa a Fackson." A Fackson anali neba wawo wachikulire.

"Ndipita mawa."

Mawa lililonse linkamupeza ali panjinga.

Loweruka kutacha, Cosmas anadzuka ndi nzeru. "Msewu wa ku Vubwi ndi wautali, wazitunda zokhazokha. Mwayi wolimbitsa miyendo ngati umenewu ndiupeza kuti? Ine nditsogola panjinga, inu mubwere ndi lole. Aneba akuthandizani kukweza."

"Aneba ake ati? Omwe simunawatsazike aja?"

"Aa, amake Dinnah, akaona lole adziwa okha."

Anavala kakabudula kake kothina, n'kutenga botolo la madzi ndi foni, ulendo.

Lole inafika. Loyce anatulutsa mapoto ndi zovala, koma bedi ndi kabati zinafuna amuna. Amunawo anali pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa nsolo. Loyce anakagwada kwa a Fackson.

"Mwini nyumba ali kuti?" anafunsa a Fackson.

"Atsogola panjinga."

"Ife sanatiuze kanthu. Mwana wanga, mkazi akamakweza bedi pa lole mwamuna palibe, kwathu kuno timati banja latha. Tikagwirako, mawa ndife tidzayankhe mlandu kwa ankhoswe. Abwere anene ndi pakamwa pake."

"Ndiwaimbire foni mulankhule nawo?"

"Foni sinena odi pakhomo."

Pofika masana nkhani inali itazungulira. Amayi a kumpingo anafika awiriawiri, n'kukhala pamphasa. "Pirirani, amake Dinnah. Mwamuna wanjinga ali bwino kusiyana ndi wamowa."

Cosmas anafika ku Vubwi dzuwa litapendeka, mtima uli mbee. Anapeza nyumba yokiya, kiyi ali m'chikwama cha Loyce. Anaimba foni.

"Muli pati?"

"Tili pomwe munatisiya. Kuno akuti ndikukuthawani, ndipo andilangiza kale kawiri. Dalaivala akuti mawa masana tikapanda kukweza, lole abweza."

Wagolosale wina, a Athumani, anamumvera chisoni, anamupatsa tiyi ndi mphasa. Kutacha kunalibe galimoto yopita ku Katete. Cosmas anakweranso njinga, zitunda zomwe zija, miyendo ili ngati zipika.

Anafika masana, fumbi lili mbuu. Analunjika kwa a Fackson. "Odi!" Atati anjute mwaulemu, mawondo anakana, anangogwa chakhala.

A Fackson anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine Cosmas, atate."

"Cosmas timamudziwa ndi kumsana. Tatembenukani tione."

Amuna onse anafa nacho chiseko. Cosmas anawomba m'manja. "Ndalakwa, atate. Ndabwera kudzatsazika. Tikusamukira ku Vubwi."

"Nonse awiri?"

"Tonse, ndi mwana yemwe."

"Basi, tinkafuna kumva zomwezo."

Anamuyendetsa khomo ndi khomo, akutsimphina, mpaka nyumba yomaliza. Kenako anthu anavundumuka. Bedi linakwera, kabati inakwera. Amayi anabwera ndi mtedza, maungu ndi nkhuku ziwiri za pa ulendo. Njinga anaimangirira pamwamba pa matiresi. Loyce ndi mwana anakhala kutsogolo, Cosmas kumbuyo pamodzi ndi nkhuku.

Lolemba m'mawa analowa mu ofesi ya ku Vubwi akuyenda ngati nkhalamba, ndipo tchuthi anapatsidwa. Ku Lusaka anasambira bwino, koma panjinga miyendo inali isanaiwale zitunda za ku Vubwi. Anthu anamupitirira, ngakhale aimvi. Anamaliza ali m'gulu lakumbuyo. Atapuma, anaimbira a Fackson.

"Mwakhala nambala chani?"

"Chakumapeto, atate."

"Koma mwafika?"

"Ndafika."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Pobwerera mutsike pa Katete, mudzadye."

Ndipo anatsikadi.

Phunziro: Kulimbitsa thupi n'kwabwino, ntchito n'njabwino, koma usathamange mpaka kupitirira makomo a anthu amene adzakunyamulire bedi. Pochoka pamalo, tsazika ndi pakamwa pako. Ndipo mkazi wako akakulangiza, mvera adakalipo, chifukwa tsiku lina m'nyumba mudzakhala zii, wokuuza kuti "katsazikeni anthu" palibe. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka amene asamuka posachedwa. Ndipo wina wa dzanja labwino aikopere papepala, poti za m'foni sizichedwa kufufutika.