Chilolezo cha Nkhuku Imodzi

Lamulo la mzinda linali losakambirana: khomo lililonse chiweto chimodzi, cholembedwa pachilolezo. Nachisale ankasunga thadzi lake m'dengu, pakhonde la nyumba yosanja. Anadziiwalitsa dala kuti thadzilo linachoka kumudzi litakumana kale ndi tambala.

Tsiku limene a Chimphepo, oyendera ziweto, anafika, dzira limene thadzilo linkafungatira linali litayamba kung'aluka.

"Mayi, zikakhala ziwiri ndilanda zonse," anatero, koma anagwada kuti aonetsetse.

Kamlomo kanaboola chigoba. Kamwanapiye kanatuluka kali chinyowere, n'kulira. Nachisale anagwira pamtima, kudikira chilango.

"Chibadwire sindinaonepo zotere," ananong'ona bamboyo, misozi ikulengeza m'maso. Kenaka anatulutsa cholembera. "Ine ndaona nkhuku imodzi, mayi. Aka ndi kamlendo, ndipo mlendo salembedwa."