Mafuta a M'magazi mwa a Trevor

Adokotala a ku Katete atanena kuti mafuta a m'magazi mwa a Trevor atsika kwambiri, Evelyn anawomba m'manja. Zaka zonsezi kwawo ku Sinda ankawamana amuna akewo nkhumba yokazinga pofuna zomwezi.

Koma adokotala sanamwetulire.

"Amayi, si zakudya zawatsitsa," anatero chapansipansi. "Ndi chimfine chomwe chawagoneka m'chipatala munochi. Chikafika poipa m'mapapo, mafuta amagwa chonchi."

Evelyn anatembenukira kwa amuna ake. Pabedi, chifuwa cha a Trevor chinkakwera n'kutsika mothamanga, paipi ya okosijeni ili pamphuno.

"Ati bwanji adokotala?" anafunsa a Trevor movutikira.

Evelyn anawagwira phazi.

"Ati mafuta atsika, atate a Ulemu."

A Trevor anamwetulira, n'kutseka maso.