Tsiku Limene Royce Anatseka Msewu

Panali munthu wina ku Pennsylvania, dzina lake Royce Tackett. Anakulira mumzinda waukulu, koma anasamukira kumidzi ndi mkazi wake Lorene kuti azisamalira bambo ake a Royce, a Virgil, amene chidwalire sitiroko ankayendera njinga ya olumala. Masana, onse awiri akapita kuntchito, mkuluyo ankatsala yekha m'nyumba.

Royce anali ndi mfuti mwalamulo, mapepala onse ali bwinobwino. Chimene chinkamuvuta ndi kuugwira mtima. Wina akangomuimbira hutala, magazi ankawira nthawi yomweyo. Mphunzitsi wa kasungidwe ka mfuti anachita kumuuza m'maso muli gwa: "A Tackett, mukanyamula chida ichi, pamsewu muzikhala woyamba kupatuka ndi woyamba kupepesa. Mfuti ndi ya pamene njira zonse zothawira zatha." Royce anangogwedeza mutu, koma mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Lorene nayenso analankhula mpaka kutopa.

"Inu, mukakhala pachiwongolero mumasanduka munthu wina. Mfutiyo muziisiya m'bokosi. Mukadzachita zopusa, bambo adzawanyamula ndani pokasamba? Ine?"

"Iwe, ine sindiputa munthu. Koma wondiputa adzandidziwa."

Lachinayi lina masana, Royce ankachokera kuntchito pa kamsewu kopapatiza kodutsa m'minda ya chimanga. Kumbuyo kunatulukira galimoto yofiira ili paliwiro loopsa. Inafika pafupi zedi, ikuthwanimitsa magetsi, ikuliza hutala. Pagalasi lake lakutsogolo panali kanyale kabuluu kakuphethira.

Kumidzi kumeneko ngakhale mwana amadziwa kanyale kameneko. Ozimitsa moto ndi anthu wamba ongodzipereka, alimi ndi amakanika. Akaitanidwa amasiya ntchito n'kuthamangira kusiteshoni pa galimoto zawozawo, ndipo aliyense amawapatukira. Royce anali atakhalako miyezi isanu, koma sanafunsepo aliyense. Kumene anakulira, munthu wokuthwanimitsira magetsi ndiye kuti akufuna ndewu.

"Ukudziyesa wapolisi, galu iwe? Lero uona," anatero Royce.

Anachepetsa liwiro dala. Wa galimoto yofiira uja akati adutse kumanzere, Royce ankakhotera komweko. Anachita zimenezi mtunda wautali, akuseka yekha. Atafika pa kamlatho kodutsa galimoto imodzi, anaponda mabuleki n'kuima mopingasa.

Mwini galimoto yofiira anatuluka akuthamanga, akukuwa, chinthu chakuda chili m'manja. Magalasi a Royce anali otseka, wailesi ikulira, choncho anangoona pakamwa pakuyenda. Akanatha kukhoma zitseko n'kuyendetsa galimoto kuchokapo. Msewu kutsogolo kwake unali mbee. Koma anatsegula chitseko, mfuti ili kale m'manja.

"Achimwene, chonde chotsani galimo..."

Phuu!

Munthu uja anagwa chagada. Chinthu chakuda chija chinagubuduka mpaka pamapazi a Royce. Sinali mfuti. Kanali kawailesi kam'manja kolankhulirana, ndipo kanali kakulankhulabe ndi mawu a mayi wina.

"Wendell, uli pati? Galimoto yamadzi ikudikira iwe, palibe wina woyendetsa. Ndikubwereza, moto uli pa nambala 41, msewu wa Alder Run. M'nyumbamo muli mkulu wa panjinga ya olumala. Wendell, yankha!"

Nambala 41 inali nyumba ya Royce.

Anatembenuka. Kuseri kwa minda ya chimanga kunkakwera utsi wakuda. Anagwada n'kuyamba kumugwedeza munthu uja. "Dzukani, achimwene! Dzukani, ndi bambo anga amenewo!" Koma Wendell Kratzer, makanika wa ana atatu, amene kwa zaka zambiri ankathamangira moto wa anthu ena osalandira kanthu, anali atatsirizika.

Galimoto yamadzi inachita kuchokera kutawuni ina. Inafika denga litagwa kale. A Virgil anawapeza pafupi ndi khomo lakumbuyo, njinga yawo itakodwa pa chiwundo cha chitseko.

Kukhoti Royce anati ankadziteteza. Woweruza anamufunsa mafunso atatu okha. Anatseka msewu ndani? Anatsegula chitseko ndani? Nanga chinakuletsani kuchokapo n'chiyani? Anamugamula zaka makumi awiri, ndipo maliro a bambo ake anawamvera m'chitolokosi.

Lorene anapita kukamuona kamodzi kokha. Sanakalipe, sanalire.

"Amasiye a Wendell anabwera kumaliro a bambo," anatero. "Anabweretsa chakudya. Ine ndinasowa poyang'ana."

Phunziro: Mfuti siiwonjezera nzeru, imangofulumizitsa zimene mkwiyo walamula. Ngati muli nayo, kudziteteza kumayamba ndi kupatuka, kukhoma zitseko ndi kuchokapo. Simudziwa chimene chikumuthamangitsa amene ali kumbuyo kwanu, mwina akuthamangira kwanu komwe. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene mumamudziwa kuti akagwira chiwongolero mtima umamuthawa, aiwerenge asanalize galimoto mawa.