Inafunsa Laputopu ya ku Lilongwe

"Yakananso!" Tamanda anamenya tebulo. Alimi a kalabu ya mtedza ku Nsaru anali atadikira kuyambira m'mawa, koma pulogalamu imene anabwera nayo sinkatseguka pa kakompyuta ka kalabuyo.

Anaimbira foni Laston, mnzake wa ku ofesi ku Lilongwe.

"Iwe, sikiripiti yomangira pulogalamu ija imadziwa bwanji mtundu wa purosesa, ubongo wa kompyuta uja?"

"Imafunsa makina. Chavuta n'chiyani?"

"Makina ake ati?"

"Amene ikumangidwirapowo. Laputopu yanga."

"Yako! Purosesa ya kuno ndi ya mtundu wina, Laston! Wasoka malaya poyeza thupi lako, pamene ovala ali kuno!"

Mayi Nabanda, wapampando wa kalabu, anaimirira tsinya lili pankhope. "Ife tasiya mtedza padzuwa, mbuzi zikudya. Kodi chinthu chanuchi ntchito yake n'chiyani?"

Tamanda anawatembenukira. "N'chofunsira alimi mbewu imene akufuna, mayi. Kuti a m'tauni asamakusankhireni."

"Nanga chalakwa pati?"

"M'malo mofunsa makina a kuno, chinafunsa a m'tauni."

Mayi Nabanda anatola dengu lawo, n'kulisenza.

"Chaphunzira msanga, eti?"